Chulu cha Nabanda

Kale, pulazi ino ya ku Raffingora isanadulidwe m'mapuloti, mvula yoyamba ikangonunkha, komboni yonse inkathamangira ku zulu. Inu adzukulu anga, sankhani fodyayo, manja asaime, ine ndikufuna makutu okha. Inswa zimene mumagula pa kapu ku Chinhoyi n'kumazitcha ishwa, ife tinkakolola tokha.

Ife ana a anthu a ku Nyasalande tinalibe munda, tinalibe mudzi wopitako pa Khirisimasi. Nyumba inali ya mzungu, mitengo ya mzungu, ngakhale malo a manda athu anali ake. Koma chulu mzungu sankachiwerengera, ndipo banja lililonse linali ndi chake, chimene mayi ankasiyira mwana wake wamkazi. Ukatola inswa pa chulu cha mwini, unkaitanidwa pa mlandu ngati waba mbuzi.

Agogo anu aakazi, malemu Nabanda, analandira chawo kwa amayi awo, kuseri kwa mabalani a fodya, ndipo ankati chidzakhala cha Joyisi, amayi anuwa. Ankachisesa, kukumba dzenje, kuikamo chitini n'kufolera udzu. Agang'a, asilikali a chiswe a mitu yofiira aja, ankawaluma zala mpaka magazi, koma iwo ankangoseka kuti, "Alonda anga ali maso."

Inswa imandimvetsa chisoni, adzukulu anga. Imakhala mumdima chaka chonse kumera mapiko, ndipo imauluka kamodzi kokha, mwadzandidzandi ngati woledzera, anamzeze akuiwakha m'mwamba, achule akuidikira pansi. Yopulumuka imathothola mapiko, kupeza inzake, n'kulowa m'nthaka kukayamba mudzi watsopano.

Mzungu atapita, ntchito inatha, ndipo chulu chija chinagwera m'puloti ya bambo wina wa ku Guruve. Sanali munthu woipa, musamve molakwa. Ankagona m'chisakasa ndi ana ake, ankafuna njerwa, ndipo dothi la pachulu ndilo limaumba njerwa zolimba. Nabanda anapita kukagwada.

"Baba, chulu ichi n'cha amayi anga. Gumulani mbali imodzi, inayo mundisiyire."

"Zvakaoma, ambuya," anayankha bamboyo m'Chishona, kutanthauza kuti n'zovuta, "koma ana anga akunyowa ndi mvula. Ngati mukufuna maricho, bwerani mudzaponde dothi."

Maricho ndiye ganyu, mukudziwa, ndipo m'nyumba munalibe ufa ngakhale wa phala. Tinapita tonse awiri, ine ndi piki, iwo kuponda matope a chulu chawo chomwe. Titafika pakati penipeni, piki inaswa kachipinda kolimba, ndipo munali manthu wa chiswe, woyera, wonenepa ngati chala chachikulu, akungopuma. Anzathu a ganyu anafuna kumuotcha, koma Nabanda anamukulunga mu mpango, kupita naye kuseri kwa nyumba yathu, kukumba kadzenje n'kuwaza madzi.

Ndinawauza kuti, "Nabanda, manthu sayenda ndipo sadzidyetsa yekha. Popanda ana ake sakhala."

"Ndikudziwa, atate ake a Joyisi. Nanga ndimuponyere nkhuku?"

M'mawa tinapeza nyerere zatsiriza zonse. Mtima unandiwawa koopsa, chifukwa mkazi wanga anali ndi chinthu chimodzi chokha m'dziko muno choti asiyire mwana wake, ndipo anachiponda ndi mapazi ake kuti tidye. Kuyambira pamenepo inswa sanaikenso m'kamwa mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda.

Nyumba yofiira ya malata imene mumaidutsa popita kuchigayo ndiyo inamangidwa ndi njerwa zija. Ndamva kuti ena mwa inu mumagenda agalu a pamenepo. Lekani. Mwini wake musamusungire mangawa, nayenso ankangofuna pogona. Koma mukamadutsa, tsitsani mawu pang'ono, ndipo mukapeza mpata gwirani khoma lake ndi dzanja. M'njerwa zimenezo muli mapazi a agogo anu.