Masitepe a Mayi Nachisale

M'zaka zija titangokhazikika ku Ilford, kuno kutsidya kwa nyanja, foni zikadali za mabatani ndipo kuimba kumudzi kuli kogulira khadi, kuseri kwa shopu ina kunali masitepe a konkire okwerera kufulati ya Mayi Nachisale. Inu ana simunawaone mayi amenewa, ndipo iwe Tadala usandidule ndi Chingerezi chakocho, ingomvera. Anali munthu wamkulu wa ku Ntcheu, wogwira ntchito yausiku yosamalira okalamba, ndipo paukhondo analibe mnzawo. Kwathu mkazi amadziwika ndi khonde lake, ndiye iwo akaweruka m'mawa ankatunga ndowa n'kukolopa masitepe onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, kaya kwatentha kaya kwazizira. Madzi aja akaundana, ankawazapo mchere wakukhitchini kuti pasaterere.

Koma kuno madzi ndi konkire sizimwerana madzi ayi. Madzi amalowa m'timing'alu, chisanu chikawagwira amafufuma n'kung'amba, mchere nawo umatsatira n'kukadya zitsulo za m'kati, ndipo dzimbiri likatupa limakankha simenti mpaka imagamphuka ngati khungwa la mtengo wouma. Ine ndinamanga nyumba zambiri ku Ndirande, koma zimenezi ndinadzaziphunzira kuno, chifukwa kwathu chisanu chothyola mwala kulibe. Ndinawauzapo mayi aja, ndipo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Tadala, mukufuna anthu azinena kuti muno mumakhala nkhumba?"

Mwini nyumba naye, tikamuuza zokonza masitepewo, anali wa mawa, mawa, ndipo mukudziwa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Tsiku lina m'mphepete mwa sitepe munangogumuka, mayi aja n'kugwa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Atawapanga opaleshoni, achipatala anabwera kudzaona nyumba, ndipo ananena poyera kuti ngati masitepewo sakonzedwa, mayi sabwerera kufulati kwawo, apita ku care home, kosungira okalamba. Nditapita kukawazonda anandigwira dzanja, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndasambitsa anthu m'nyumba zimenezo, ndikuzidziwa. Achimwene, musalole kuti ndikafere pabedi pa eni."

Zinandikhudza kwambiri, sindibisa. Mwini nyumba tinamukhalira pakhosi mpaka anavomera kuti tikonze, ndipo kutangofundako pang'ono tinayamba ine ndi a Mwale, mnzathu wa ku Lusaka woyendetsa basi. Ndinkagogoda sitepe iliyonse ndi hamala: polira molimba tinkasiya, polira ngati chidebe chopanda kanthu tinkaswa ndi tchizulo mpaka chitsulo chonse chionekere, ndi kuseri kwake komwe. A Mwale anatopa msanga.

"Amdala, timate chabe pamwamba, bazaona bwanji?"

Ndinawauza kuti kumata pamwamba pa dzimbiri n'chimodzimodzi kumanga bandeji pachilonda chosatsuka. Tinapala zitsulo ndi bulashi ya waya mpaka zinawala, zodyeka kwambiri tinazimangirira zatsopano, tinapaka mankhwala oletsa dzimbiri, kenako tinakhoma matabwa n'kuthira simenti, ndikumapendeketsa sitepe iliyonse pang'ono kuti madzi asamaime. Masiku ano mumangoonera pafoni n'kumadziyesa amisiri, koma dzanja lokha ndi limene limamva kuti simenti yakwana.

Tsopano tamverani izi. Titangomaliza, amayi a kumpingo anatulukira ndi ndowa zawo, akuti adzathirire simenti monga timachitira kwathu kuti isang'ambike ndi dzuwa. Ndinaima pakati pa njira manja ali m'mwamba. "Amayi, dzuwa lake liti? Ndowazo bwererani nazo, mundibweretsere mabulangeti!" Anaseka mpaka kugwira nthiti, akuti ine Phiri ndapenga, ndikufunditsa masitepe ngati khanda. Koma simenti yaiwisi ikagwidwa ndi chisanu imafumbutuka, ndipo ntchito yonse ikanapita m'madzi. Anabweretsa mabulangeti, zitenje, wina mpaka jekete la mwamuna wake, ndipo tinafunditsa, pamwamba n'kuyala pulasitiki. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadikira mpaka inalimba, achipatala anabwera, anakwera, anatsika, n'kuvomera.

Mayi Nachisale anakwera masitepe aja ndi ndodo, akupumira panjira, koma anakafika. M'mawa mwake ndinadzera komweko, ndipo mukuganiza ndinapeza chiyani? Ali pamwamba, ndowa ili pambali yodzadza. Sindinakalipe, chifukwa wamkulu sakalipiridwa. Ndinangonyamula ndowa ija n'kuwapatsa tsache.

"Popanda madzi anthu adziwa bwanji kuti muno muli munthu?"

"Azimva tsache, mayi."

Ndipo ankalimvadi, m'mawa uliwonse, kwa zaka zambiri ndithu. Tsiku limene silinamveke, a pashopu ndi amene anandiimbira foni. Anamwalira pabedi pawo, m'nyumba mwawo, ndipo thupi lawo linatsikira pa masitepe omwe aja, osagwedezeka ndi imodzi yomwe.

Ndiye ana inu, makolo anu akamachita zakwathu zimene kuno sizigwira, musawaseke ndipo musangowalanda ndowa n'kuwasiya manja lende. Muziwapatsa tsache.