Mayi Chidindo Asapite Fomuyi Isanasainidwe

Bwana mkulu wa yunivesite yathu, Bwana Rejisitala, akuluakulu a madipatimenti, aphunzitsi, anzanga a pawindo, bambo akunyumba amene mwatibwereka mayiwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ana ndi zidzukulu, ndakulonjerani nonse.

Anandiuza kuti ndilankhule mphindi zisanu, ndikuseketseni, ndikhale pansi. Kuseka museka, koma ndineneretu: ndakwiya. Pepala lili m'manjali si mawu anga ayi. Ndi fomu ya mwana wasukulu amene watsala pang'ono kuchotsedwa, ndipo mayeso akuyamba Lolemba.

Tiyambe ndi zoseketsazo. Mayi awa tonse timawatchula Mayi Chidindo. Musawaone kuopsa chonchi, nawonso anayamba ngati ife. Sabata yawo yoyamba mu ofesi yolembetsa ophunzira anasokoneza milu iwiri ya mafomu. Ana makumi anayi ophunzira unamwino anapezeka alembetsedwa kosi ya ulimi wa nkhumba. Mphunzitsi wa nkhumba uja anazolowera ana asanu basi. Kulowa m'kalasi, yadzaza mpaka kukhomo! Anachita kubwera ku ofesi kudzathokoza. Mayi, ndikunama? Taonani, akubisa nkhope.

Chiyambire tsiku limenelo chidindo sichinachokenso m'chikwama mwawo. Kutchalitchi nacho, kumaliro nacho. Bambo mukugwedeza mutu, ndiye kuti ndi zoona. Nanga kayang'anidwe kaja ka pamwamba pa magalasi, ndani sakadziwa? Mwana akafika kuti akufuna kusiya kosi, funso loyamba linali lakuti, "Kosiyo yakukanika, kapena wangoyambana ndi mphunzitsi?" Ambiri ankabwerera m'kalasi mwakachetechete.

Tsopano za fomuyi. Inu akunyumba simudziwa malamulo athu, ndiye ndifotokoze. Mwana akafuna kuwonjezera kosi, ali ndi masabata awiri oyambirira. Akafuna kusiya kosi, malire ndi Lachisanu la sabata yachisanu ndi chimodzi. Pafomupo payenera kusaina anthu atatu: mphunzitsi, mkulu wa dipatimenti, kenako a Rejisitala. Ikachedwa ndi tsiku limodzi lokha, kosiyo imalembedwa kuti walephera. Lamuloli si loipa. Vuto ndi loti mwana amapezeka pano tsiku lililonse, osainawo sapezeka.

Ndiye Mayi anali ndi kachitidwe kawo. Tsiku limene mwana wafika pawindo ndi fomu, kaya yasainidwa kaya ayi, ankaidinda deti la tsiku lomwelo. Ankati, "Mwana wafika nthawi yake. Kuchedwa kwa mabwana si kwake." Zaka zonsezi palibe anadandaulapo.

Teremu ino kunabwera mtsikana wa chaka chomaliza. Amayi ake anagonekedwa m'chipatala masabata anayi, wodwazika anali iye yekha. Kosi ya ku labotale inamudutsa. Anafika pawindo Lachitatu, kutatsala masiku awiri, kuti aisiye adzaitenge teremu yamawa. Mphunzitsi anasaina tsiku lomwelo. Mkulu wa dipatimenti? Ali kumsonkhano. Mtsikana uja anakhala pabenchi pakhomo pa ofesi yawo Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Ndinamuona ndi maso angawa. Abwanawo anabwera Lolemba n'kusaina, kompyuta itatseka kalekale. Mwanayu analepherapo makosi awiri ali chaka choyamba. Iyi ikalembedwa kuti walephera, ikhala yachitatu, ndipo mukudziwa nonse kuti yachitatu ndi yolongedza katundu. Chaka chomaliza, anthuni!

Mayi anali atadinda Lachitatu, monga mwa masiku onse. Mukudziwa chimene analandira? Kalata yachenjezo. Ati anaika deti lolakwika. Lolakwika bwanji? Lachitatu lija silinali Lachitatu? Munthu wagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi opanda chenjezo ngakhale limodzi, inu n'kumupatsa kutatsala mwezi kuti apume. Lero mwawagulira keke ndi wotchi yapakhoma, kalata ija ili phee m'fayilo mwawo. Zikundiwawa, akuluakulu. Zikundiwawa kwambiri.

Ine ndinalusa tsiku limenelo, ndinafuna kukagogoda maofesi onse. Mayi anangoipinda kalatayo n'kunena kuti, "Achimwene, fayilo yanga ikukapuma limodzi ndi ine. Nanga mwanayu?"

Nanga mwanayudi? Fomu yake yakhala patebulo la a Rejisitala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Mlembi wawo akuti ikudikira komiti. Komitiyo ikumana mwezi wamawa, mayeso ndi Lolemba. Ndiye lero m'mawa ndakaitenga ndekha. Amene akufuna kundilembera chenjezo, dzina langa akulidziwa.

Mayi, ndisaiwale chimene andiimikira pano. Zikomo. Ndinabwera mu ofesi muja ndikudziwa kompyuta yokha, inu munandiphunzitsa kuyang'ana nkhope ya mwana ndisanayang'ane fomu. M'chipinda muno muli aphunzitsi anayi amene akanabwerera kwawo opanda digiri chipanda inu. Sindiwatchula, akudzidziwa okha, ena akuyang'ana pansi. Kapumeni, Mayi. Muzidzuka dzuwa litakwera, muzikangana ndi zidzukulu, foni ya kuntchito musamayankhe. Bambo, tikukubwezerani akazi anu, mutikhululukire tawatopetsa.

Koma sapita chonchi. Titawafunsa mphatso imene akufuna, sanatchule wotchi. Anati, "Ndisachoke mwana uja asanathandizidwe."

Bwana Rejisitala, musandiyang'ane choncho, mutu ukakula sulewa nkhonya. Buku lathu la malamulo lomwelo likuti pakakhala matenda, inu mutha kusaina nokha osadikira komiti. Kalata ya kuchipatala ili kuseriku. Cholembera ndi ichi. Posaina ndi apa, pansi.

Anzanga, manja akhale pansi kaye. Musaombe. Tidikira, keke siithawa.

Akuwerenga. Asiyeni awerenge, ndi udindo wawo. Ine sindikhala pansi.

Asaina! Mwaona nonse, asaina. Zikomo Bwana. Za kalata yachenjezo ija ndikupezani Lolemba m'mawa, musaganize kuti ndaiwala.

Mayi, ntchito yanu ikutha faifi koloko, mukadali ndi mphindi makumi anayi. Nayi fomu. Pitani mukailowetse nokha mu kompyuta, mwanayo mumuimbirenso foni nokha, amve kwa inu.

Enafe tiimirire, tiwapatse njira adutse. Tsopano m'manja, mwamphamvu, mpaka akafike ku ofesi!