Njerwa Zimene Amayi Anasesa

— Halo?

— Halo, asisi? Ndine Wailesi wanu. Mukundimva?

— Ndikukumva, koma patali. Nambala imeneyi ndi ya ndani?

— Ya mnzanga wa m'kalasi. Yanga inatha moto, magetsi sanabwerebe chichitikireni chivomezi chija. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, kaya iwe?

— Ndaswera. Alamu ali bwanji? Nanga kamwana, kayamba kukwawa?

— Onse ali bwino. Kamwanako kakukoka chilichonse m'nyumba muno. Amayi ali bwanji?

— Alipo. Ali pamakina, akusoka.

— Ndinayankhula nawo Lamlungu. Akuti ife ndife amwayi, nyumba inangochita kamng'alu.

— Kamng'alu. Chabwino. Asisi, mwamva zimene zikunong'onedwa kuno? Akuti pali wina wagwidwa akututa zidutswa za njerwa kudzala, kukathira m'nyumba mwawo, kuti a bungwe lopereka chithandizo aziona ngati kunagwa kwambiri.

— Anthu alibe manyazi. Anzawo akugona panja, iwo akuba chithandizo. Ndani ameneyo?

— Dikirani, ndiyambire poyambira. Mukudziwa mmene a bungwewa akuchitira? Amayenda atatu, atavala mavesiti. Wina amajambula ndi foni, wina amafunsa mafunso, wachitatu amanyamula timabotolo ta penti. Akaona kuti nyumba yawonongeka amapaka yofiira pachitseko. Ikakhala bwino, yobiriwira. Ofiira amalandira tenti ndi mabulangete, kenako ndalama zokonzera zimalowa pafoni. Obiriwira amalandira pepani.

— Nanga ife anatipaka yanji?

— Amayi sanakuuzeni? Yobiriwira, yowala bwino.

— Ndiye kuti nyumba ili bwino.

— Asisi, kuchipinda kwathu kuja, komwe munkagona inu, khoma linagumuka pamwamba ponse. Mng'alu wake ndimalowetsa mkono mpaka m'chigongono. Ndikagona ndimaona zovala za aneba pachingwe.

— Iwe Wailesi, usamawonjezere.

— Ndikuwonjezera chiyani? Pabalaza njerwa zinali mbwee, mpaka pamakina osokera. Ndiye kunabwera uthenga kuti mawa a bungwe afika mumsewu mwathu. Anthu onse anasiya zinthu mmene zinagwera. Mayi a pasaluni aja sanatole ngakhale galasi losweka, ankachita kulidumpha. Koma amayi anu...

— Ndi amayi akonso.

— Amayi athu akuti alendo sangalowe m'nyumba ya fumbi ngati muno mulibe munthu wamkazi. Anakabwereka wilibala kwa makaniko. Ineyo ndi amene ndinatuta kukataya kudzala, manja mpaka matuza. Tinasesa, tinakolopa. Pamng'alu waukulu tinakankhirapo kabati. Pomwe panagumuka anapachikapo nsalu ya diresi la mkwatibwi wa eni ake, ataipinda bwinobwino ngati katani.

— Mayo ine.

— Alendo aja atafika anapatsidwa mipando, madzi osamba m'manja, tiyi m'makapu aja amatiletsa ife. Wofunsayo akuti, mayi, pali chimene chinawonongeka? Amayi akuti ayi mwanangu, pang'ono chabe, Mulungu anatisunga. Ine ndimati nditsegule pakamwa, anandiponyera diso lija. Mukulidziwa.

— Ndikulidziwa.

— Wa penti uja anachita kuyamikira kuti nyumba yosamalika chonchi sanaione mumsewu monse. Amayi kumwetulira. Halo? Asisi?

— Ndilipo, netiweki ikudukaduka. Nanga osakadandaula bwanji?

— Ndinapita kusukulu, pomwe aika tebulo la madandaulo. Dzuwa lonse lija pamzere. Anandionetsa chithunzi cha pabalaza pathu pafoni yawo, maluwa apulasitiki ali patebulo. Akuti mtsikana, nyumba iyi ukuti yagwa? Anthu pamzere kuseka. Koma anati abweranso Lachisanu kudzaona nyumba zodandaula.

— Basi, adzaona okha.

— Adzaona chiyani? Amayi anakana kuchotsa kabati. Akuti iwo sangaonetse anthu achilendo kuchipinda kwa ana aakazi. Pamene mayi a pasaluni ndalama zinalowa kale, agula malata, atsala ndi zina zopangira tsitsi la mwana wawo. Ife nthaka ikangogwedezeka pang'ono, dothi limathothokera pabulangete langa.

— Wailesi. Wogwidwa ndi njerwa uja ndi ndani?

— Amayi atapita kukapereka diresi lija, ndinakabwerekanso wilibala.

— Iwe mwana iwe.

— Sindinatenge za munthu, asisi. Zathu zomwe. Ndimazidziwa, zili ndi penti yachikasu ya kuchipinda kwathu, chidutswa china chili ndi msomali womwe munkakolekapo yunifolomu. Ndinangozibwezera pomwe zinagwera. Ulendo womaliza ndinakumana ndi mayi a pasaluni pageti, foni ili m'manja, akundijambula.

— Anakanena?

— Tsiku lomwelo. Pano a bungwe akuti nyumba yochita zachinyengo imachotsedwa pa chilichonse, ngakhale bulangete. Atiitana mawa m'mawa kusukulu kuja, amayi ndi ine. Kumpopi akunditchula kuti Wilibala. Dzina la Wailesi latha.

— Amayi akuti chiyani?

— Sakundiyankhula. Anatutanso njerwa zija okha, ndi beseni, pamutu, anthu akuona. Akuti mawa sapita. Akuti aima bwanji pamaso pa anthu n'kunena kuti anabisa khoma ndi nsalu ya kasitomala.

— Ndiye ukufuna ine nditani?

— Muwaimbire. Inu amakumverani, ndinu wapabanja. Akangonena pakamwa pawo kuti anayamba kusesa njerwazo ndi iwo, a bungwe abwera kudzasuntha kabati, nkhani yatha. Ndikapita ndekha, ndine kamtsikana kabodza kogwidwa ndi wilibala.

— Ukudziwa mmene amayi alili. Chiwasiyireni ababa, chimene anatsala nacho ndi ulemu wawo basi. Iwe wawavula pagulu.

— Ulemuwo ugwira khoma? Mvula ikayamba tidzafunda ulemu?

— Usandiyankhule choncho, ndine mkulu wako. Unalakwa, Wailesi. Ukanadikira Lachisanu.

— Ndikanadikira kuti adzamwenso tiyi.

— Ndiona. Mwina ndiwaimbira madzulo, alamu ako akabwera ndi mayunitsi. Koma sindikulonjeza kuti...

— Mwini foni akundikodola, akuti ndamuthera mayunitsi. Asisi, madzulo ano, osati mawa. Ndipo mundiyankhe ichi chokha, poti aliyense kuno wandiweruza kale. Amene anachotsa njerwa pomwe zinagwa ndi mayi waulemu. Amene anazibwezera pomwepo ndi wakuba. Wanama ndani pamenepa? Inuyo mukanakhala kuti mukugona pansi pa khoma limenelo, mukanatani? Halo? Asisi, mukanatani?