Dzenje Limene Linandibwezera M'mawa Wanga

Moni kwa inu nonse amene mukuwerenga, makamaka inu amene mwafika pano muli otopa. Dzina langa ndine Esinati, ndimakhala kufupi ndi Chamama ku Kasungu, ndipo ndimathamanga mipikisano ya mtunda wautali, ija ya makilomita 42. Ndikufuna ndichitire umboni za chaka chimene ntchito yanga ndi kuthamanga kwanga zinalimbirana maola amodzimodzi, mpaka ndinagwa pakati pa msewu dzuwa lili paliwombo. Sindikulemba ngati munthu amene anapuma ayi, miyendo ikuphwanya ngakhale pano. Ndikulemba chifukwa Mulungu anandiyankha, ndipo anayankha mwa njira imene ine sindikanaiganiza.

Mwamuna wanga atamwalira anandisiyira ana awiri, ndipo ndinalowa ntchito yosankha fodya pa munda wa a Gondwe. Zinali zaka zija za makuponi, feteleza atatsika mtengo. Chaka chimene ndikunenachi, chachinayi ndili pa ntchitoyo, mvula inagwa bwino, fodya anabereka moopsa, mpaka a Gondwe anamanga chigafa china chifukwa zakale zinadzaza. Aliyense ankayamika Mulungu, inenso ndinayamika, poti ntchito ikachuluka ana sagona ndi njala. Sindinadziwe kuti dalitso lomwelo lidzandikhalira pamsana.

Amene simunagwirepo fodya wouma, ndikuuzeni khalidwe lake. Masana amauma gwaa, ukangomukhudza amathetheka m'manja. Amafewa ndi mame a m'bandakucha basi, ndipo kuno kwathu nthawi ikamakwana teni koloko amakhala ataumanso. Choncho tinkayamba folo koloko m'mawa, kutsitsa mikangala imene amapachikapo fodyayo, ndi kusankha tsamba ndi tsamba, lowala palokha, lofiira palokha, long'ambika palokha. Dzuwa likakwera tinkapita kukadinda mabelo pa jeke, kusoka ziguduli ndi kuzula zitsa za fodya kumunda. Tinkaweruka dzuwa litalowa.

Chaka chomwecho a Mvula, mphunzitsi wina wa ku boma amene ankaphunzitsa othamanga a m'dera lathu, anandiuza kuti dzina langa lili pa mndandanda wa opita ku mpikisano waukulu wa m'tauni. Anati amayi opita akhala atatu okha, ndipo kuchiyambi kwa Julaye atiyesa pa makilomita 30, wotsalira atsala. Ndinali ndi zaka 34. Kawiri konse m'mbuyomo ndinaphonya mwayi ngati umenewu, koyamba ndili ndi pakati, kachiwiri ndili pa maliro a mwamuna wanga, ndipo ndinkadziwa kuti wachitatu ndi womaliza. A Mvula anandilangiza kuti ndizithamanga m'mamawa kukuzizira, maola awiri, masiku asanu pa sabata. Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinaseka, chifukwa m'mawa wanga unali ndi mwini wake kale.

Ndinapita kwa a Gondwe kukapempha kuti ndizibwera mochedwerako. Si munthu woipa, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Koma anati diso limene amalikhulupirira pa chigafa ponse ndi langa, ndipo ndikachoka m'mawa fodya asakanizika.

"Yayi mama, fodya sadikira munthu," anatero a Gondwe. "Mame akakamuka, basi tsiku latha."

Mlamu wanga atamva nkhaniyi anawonjezera zake, kuti fodya wako ndi wapamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Anati ntchito ndili nayo m'manja, koma mpikisano ndi maloto, ndipo ana sadya maloto. Zinandipweteka kwambiri chifukwa sankanama.

Ndiye ndinachita zimene munthu wouma mutu amachita. Anzanga akakhala pansi kudya masana, ine ndinkavala nsapato zanga zakutha n'kulowa mu msewu wa ku Chamama, ola limodzi kupita ndi kubwerera, kenako kubwereranso pa jeke. Amayi a pa mjigo ankandifunsa ngati wakuba amene ndimamuthamangitsa tsiku ndi tsiku ndinamugwira. Ndinkaseka nawo, koma thupi silinkaseka. Fumbi la fodya linandikhala pachifuwa, ndinkatsokomola ngati nkhalamba, mapazi ankatupa mpaka nsapato kuthina. Ndinali wotopa podzuka, wotopa pogona, wotopa ngakhale m'tchalitchi, moti tsiku lina ndinawodzera pakati pa nyimbo imene ndinaiyambitsa ndekha.

Choipa kwambiri n'chakuti kuthamangako sikunkapita patsogolo. Ola limodzi la padzuwa silimanga miyendo ya makilomita 30, limangoiwotcha. Kuntchito nakonso diso lija linayamba kunama. Tsiku lina ndinasakaniza masamba ofiira ndi owala chifukwa cha tulo, ndipo belo lonse linamasulidwa n'kuyambiranso. A Gondwe sanakalipe, anangonena kuti zikachitikanso adzafuna munthu wina. Ndinaona ndi maso anga kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Ndinkapemphera, koma ndivomere kuti mapemphero anga anali aukali. Ndinkamuuza Mulungu zochita. Ndinkati asinthe mtima wa a Gondwe, apo ayi andichotsere chilakolako chothamanga ndikhale ngati amayi ena onse. Ziwiri zonsezi sanachite. A Gondwe anakhalabe a Gondwe, ndipo miyendo yanga inkayabwabe ndikaona msewu. Ndinafika polemba kalata yopita kwa a Mvula yakuti afufute dzina langa, ndinaipinda n'kuiika m'Baibulo, kudikira munthu wopita ku boma.

Lachitatu lina kumapeto kwa Meyi ndinanyamuka masana monga mwa nthawi zonse, ndisanadye kanthu. Ndikufika pa golosale yoyamba ya pa Chamama, ndinaona msewu ukupendekeka, makutu anangoti ngwii, ndipo sindikumbukanso china. Ndinatsitsimuka ndili pa khonde la golosaleyo, mawondo atasupuka, mayi wina akundimwetsa madzi a shuga. Pambali panakhala mwamuna wake, Che Amidu, bambo wachikulire wachisilamu, mwini golosaleyo. Ndinali ndisanayankhulepo nawo kupatula pogula sopo.

Che Amidu anati akhala akundiona ndikudutsa masana aliwonse, ndipo akhala akudzifunsa kuti munthu wanzeru zake amasiyiranji m'mawa wozizira n'kusankha dzuwa. Ndinawafotokozera zonse, za mame, za a Gondwe, za Julaye, ndipo ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa. Nditamaliza, Che Amidu anaseka. Ndinakwiya, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanadzuka n'kumapita.

"Mwanangu, usandikwiyire," anatero. "Ndikuseka chifukwa ukufera mame, pamene mame munthu amatha kuwasunga."

Anafotokoza kuti ali mnyamata anagwira ntchito m'maesiteti akuluakulu zaka zambiri asanayambe bizinesi. Kumeneko sankadikira m'bandakucha. Ankakumba dzenje lakuya, kulifolera ndi mitengo, udzu ndi dothi, kuwaza madzi pansi, n'kupachikamo mikangala ya fodya madzulo. Chinyezi cha m'nthakamo chinkafewetsa masamba, ndipo munthu ankatulutsa pang'onopang'ono tsiku lonse, ngakhale masana. Ine zaka zonse zija ndili pa chigafa ndinali ndisanamvepo zimenezi.

Loweruka Che Amidu anasiyira akazi awo golosale, anakwera njinga n'kubwera kudzaonana ndi a Gondwe. Anakambirana nthawi yaitali pansi pa mtengo, ine ndikuwasuzumira ndili pa jeke. A Gondwe anati za maenje anazimvapo, koma amaopa nkhungu, chifukwa fodya akanyowa kwambiri amawola, ndipo ku okushoni, kumsika wa fodya, amabweza belo lonse. Pomaliza analola, koma anaika malire. Dzenje ndikumbe ndekha kuseri kwa chigafa pa nthawi yanga, tiyese ndi fodya wotsika, ndipo akawonongeka ntchito yanga yathera pomwepo.

Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti tsopano ndinali nditaika chakudya cha ana anga pa mawu a munthu amene ndinamudziwa masiku atatu okha. Ndinatsegula Baibulo, ndinaona kalata ija ya a Mvula, ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinapemphera pemphero lalifupi, lopanda malangizo, lakuti Ambuye ndatopa, chitani zimene mukudziwa.

Ndinayamba kukumba Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Dothi la mu Juni ndi louma ngati mwala, ndipo khasu linkangodumpha. Odutsa ankafunsa ngati ndi chimbudzi kapena manda, ine n'kumati tiona mawa. Dzuwa litapendeka ndinaona mlamu wanga uja akubwera ndi piki paphewa. Sananene kuti pepani, inenso sindinafunse, anangolowa m'dzenjemo n'kuyamba kukumba. Tinamaliza Lamulungu lotsatira, dzenje lofika m'khosi, manja onse ali matuza.

Kuyesa koyamba ndinalakwitsa ndekha. Chifukwa cha phuma ndinathira madzi ambiri pansi, poganiza kuti akachuluka fodya afewa msanga. M'mawa mwake masamba anatuluka ali lende, onyowa ngati ndiwo zowiritsa. A Gondwe anabwera, anawagwira, n'kubwerera ku chigafa. Masambawo ndinawayanika msanga asanachite nkhungu, ndikudziwa kuti ndikhoza kuuzidwa kuti ndizipita.

Che Amidu anafika madzulo ake, anatsikira m'dzenjemo, anaponda pansi n'kupukusa mutu. Anati ndakumba dzenje la fodya koma ndathira madzi a dimba. Anandionetsa kuti madzi ake ndi ongowaza, ngati mmene timawazira pabwalo tisanasese. Anandiphunzitsanso kuyesa tsamba: likhale lopindika bwinobwino, koma msempha wake wapakati uzithyoka ukaupinda. Kenako anapita kwa a Gondwe kukandipemphera mwayi wina umodzi, ndipo anati kulakwitsa ndi kwawo chifukwa sanandifotokozere bwino. Sizinali zoona kwenikweni, koma bambo ameneyo anasenza cholakwa changa ngati ndine mwana wawo.

Tsiku lotsatira a Gondwe anadikira dala mpaka masana, nthawi imene fodya wa m'chigafa amakhala atauma gwaa. Anatsika okha m'dzenje, anatulutsa mkangala umodzi, anathothola tsamba n'kulifumbata mwamphamvu. Tonse tinasiya ntchito n'kumayang'ana dzanja lawo. Atatambasula, tsamba linadzifunyulula lokha osang'ambika. Anapinda msempha, unathyoka. Anachitanso chimodzimodzi ndi tsamba lachiwiri ndi lachitatu, ngati akufuna kuligwira bodza.

"Mama, mawa mubwere hafu seveni," anatero osandiyang'ana. "Koma muziweruka omaliza."

Sanandichepetsere ntchito ngakhale pang'ono, maola anangosuntha. Koma m'bandakucha wa tsiku lotsatira, pamene anzanga ankatsitsa mikangala, ine ndinali pa msewu. Kunali chifunga, minda ya zitsa za fodya ili zii mbali zonse, udzu wa m'mphepete ukundinyowetsa mpaka m'mawondo. Zaka zinayi ndinali ndikumva mame m'masamba a fodya okha, ndinali nditaiwala mmene amazizirira m'mapazi. Ndinathamanga ndikulira, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Ndinatsala ndi masabata atatu ndi masiku ochepa okha, ndipo a Mvula anati ndi ochepa kwambiri. Tsiku loyesedwa tinalipo amayi asanu ndi awiri. Pa makilomita 25 ndinali wachinayi, chifuwa chikuwotcha, miyendo ngati ya munthu wina. Ndinakumbuka kalata ija ili m'Baibulo, ndinakumbuka matuza a mlamu wanga ndi njinga ya Che Amidu, ndipo ndinati anthu awa sanavutikire nambala folo. Mayi amene anali patsogolo panga ndinamupitirira patatsala mtunda wochepa, tikuona kale mtengo umene a Mvula anaimapo. Ndinafika wachitatu, ndinagwada pomwepo m'fumbi.

Ku mpikisano wa m'tauni sindinapambane, ndipo sindikunamizani kuti ndinabwera ndi chikho. Ndinathamanga makilomita onse 42 mpaka kumapeto, ndinalandira mendulo imene amapatsa aliyense womaliza, ndipo Lolemba lake ndinali pa jeke ngati kale. Menduloyo ndinakaionetsa kwa Che Amidu. Anaitembenuza uku ndi uku, anati ndi yopepuka kuposa piki, kenako anaitana akazi awo kuti adzaione.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanamvere malangizo anga. Ndinamupatsa njira ziwiri zoti asankhepo, Iye anali ndi yachitatu, ndipo anaisunga m'mutu mwa bambo wa chipembedzo china amene ndinkangomudutsa masana aliwonse. Ndinayenera kugwa pakhomo pake kuti ndiyankhule naye. Ndikuthokozanso mlamu wanga, ndi a Gondwe amene anali ndi mantha koma analola.

Inu amene mukukokedwa mbali ziwiri, ntchito uku, mphatso yanu uku, sindikuuzani kuti kutopa kudzatha, chifukwa kwanga sikunathe. Ndikungoti musafulumire kutumiza kalata yosiya. Pempherani, ndipo wina akakufunsani chimene chikukuvutani muuzeni zoona, ngakhale akhale munthu amene simumayembekezera kanthu kwa iye. Kalata yanga ikadali m'Baibulo, ndimaisungira pa tsamba limene ndalekezera kuwerenga. A Gondwe anakumbitsa dzenje lachiwiri chaka chotsatira, ndipo mpaka lero amanenabe kuti fodya sadikira munthu. Ine sinditsutsa. Ndimangofika hafu seveni, nsapato zitanyowa ndi mame, n'kutsegula dzenje langa, n'kumupeza ali momwemo, wofewa, akundidikira.