Apongozi, Siyani Chitini

Potiphar amayendetsa galimoto ya loji ina ya kuphiri: amatenga alendo ku bwalo la ndege ku Chileka n'kumakawaonetsa nyama. Sabata imeneyo nyama zinamuchititsa manyazi, alendo ake awiri anangoona agulugufe ndi ndowe za gwape, mpaka bwana ananeneratu kuti azunguwo akakwera ndege masana amenewo osaona kanthu ka miyendo inayi, makiyi abwezedwe. Ndiye mkulu uja anakumbukira anyani a kwawo kwa mkazi wake Tawina, kuseri kwa Lirangwe. Anakaimika alendo pathanthwe, n'kupeza apongozi ake, a Enifa, ali m'munda wa m'tsinde mwa phiri, akuimba chitini ngati akwiyira dziko lonse.

Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Ananjuta poteropo, atawafulatira, maso ali kumsewu.

"Odi, amayi."

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

"Amayi, odi kumeneko!"

"Iii, bambo a Vitu! Kumunda kuno? Mwasochera?"

"Ayi, ndabwera ndi alendo."

"Apititseni kunyumba, Tawina awaphikira."

"Sakufuna chakudya. Akufuna anyani."

Chitini chinati zii.

"Amadya?"

"Ayi, amayi. Kuona basi."

"Akaona atani?"

"Ajambule, azipita."

"Ndi anyaniwo?"

"Anyani atsala."

"Aaa!" Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Potiphar anagwira mutu. "Amayi, chonde, chitinicho! Anthuwa achokera kutali. Kwawo kulibe anyani."

"Kulibe? Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mchira."

"Anthu odala! Ndiye Mulungu wawachotsera mavuto, iwo n'kukwera ndege kudzawafunafuna?"

"N'zosangalatsa kwa iwo."

"Abwere adzalondere mwezi umodzi, tione mano awo ngati akhale panja."

"Amayi, ntchito yanga ili m'madzi. Akapanda kuona nyama lero, ine basi."

A Enifa anaganiza kaye, chifukwa mtima wawo si woipa. "Mbuzi yanga ilipo. Ikakwera pachulu imaoneka bwino."

"Mbuzi ali nazo kwawo."

"Galu uyu nanga? Amaluma."

"Akufuna za kutchire!"

"Galu ameneyu kunyumba sagona."

"Anyani, amayi. Anyani okha. Mungosiya kuimba kwa kanthawi, atsike, alendo aone."

"Atsikire kuti?"

"M'munda muno."

"Muno?"

"Muno."

"Bambo a Vitu, mukudziwa kuti chimanga chili pa mondokwa?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake atsika msanga."

"Eeh! Ndipo mwalankhula ndi Tawina?"

Apa mpamene Potiphar anakweza mapewa. Munthu wovala shati ya loji, yokhala ndi chithunzi cha kambuku pathumba, angakapemphe chilolezo kwa mkazi? "Tawina ndi mkazi wanga. Ine ndikanena, ndanena."

"Mwanena nokha?"

"Ndi pakamwa panga."

"Basi. Ine ndani?"

Gogo uja anatembenuza chitini n'kuchikhalira, namangirira galu kumwendo ndi chingwe cha legeni. Kunati phee. Ndipo anyani a kumeneko, ine ndimawadziwa, sadikira kuitanidwa kawiri. Posakhalitsa mapesi anayamba kuti tswa, tswa.

Potiphar khosi linamuyabwa kuti acheuke, koma apongozi anali kumbuyo komweko. Ananong'ona: "Kukuchitika chiyani?"

"Wamkulu watsika. Uja wa chipsera pamphuno."

"Akutani?"

"Wathyola chimodzi. Waluma. Wataya. Wathyola china."

"Nanga alendo?"

"Wamkaziyo akudumphadumpha. Kaya walumidwa ndi linthumbu."

"Ndi chimwemwe chimenecho, amayi! Wamwamunayo?"

"Wagona chafufumimba pathanthwe, chojambulira chili kumaso. Mwati sakudwala?"

"Ali bwino! Mulungu ndi wabwino!"

"Atsika enanso. Akazi, ana kumsana. Mzere wakumtunda watha."

"Asiyeni, asiyeni."

"Ndawasiya. Koma inu, bambo, mtima wanu ndi waukulu. Sindinkadziwa."

Potiphar anamwetulira kumsewu. Anaona ngati gogoyo akumuzembera ndi mawu chifukwa cha chisoni cha chimanga, ndiye anati awatonthoze ngati munthu woyenda. "Musadandaule, amayi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chimanga ndi chimanga. Chaka chamawa chimeranso."

"Zoona."

"Vuto lathu anthu akuda ndi kuumira. Tikaona nyani, timaona wakuba. Anzathu akaona nyani, amaona chitukuko."

"Chitukuko chalowa mzere wachitatu."

"Chilowe! Munthu wopatsa, Mulungu amamubwezera."

"Amen. Wina wapeza dzungu."

"Adye. Dzungu n'chiyani?"

"Akuligubuduza. Anzake akumulanda. Iii, aswa! Linali lalikulu bwino, Tawina ankalisungira mbewu."

"Mbewu zimagulidwa."

"Ndiye ndikuti mwamuna mwana wanga anapeza. Ena akanalira."

"Kulira chiyani? Inuyo musalire basi."

"Ine? Ndilirenji?"

"Mwalimba mtima, amayi. Ndikuuzani zoona, sindidzaiwala. Njala ikadzakupanikizani chaka chino, musadzachite manyazi. Mudzangotuma uthenga. Nkhokwe yathu ndi yanu."

A Enifa anakanda m'mutu pansi pa duku. "Nkhokwe yanu?"

"Yomweyo."

"Mudzaikamo chiyani?"

"Chimanga, amayi. Nanga mumaikidwa chiyani?"

"Chochokera kuti?"

"M'munda mwathu."

"Ooo! Muli ndi wina?"

"Wina chiyani?"

"Munda."

Tswa. Tswa. Tswa. Kuthanthwe kuja alendo anali kuomba m'manja.

Mawu a Potiphar anatuluka ang'onoang'ono. "Amayi, munda uno ndi wa ndani?"

"Wanu."

"Wathu... wa banja lonse?"

"Wanu ndi Tawina. Ndinakupatsani chaka chomwe munalowana. Munati mwatanganidwa, mudzauona Loweruka."

"Nanga wanu?"

"Wanga uli kutsidya kwa msewu, kuseri kwa chigayo. Kumeneko anyani safikako, amaopa malole."

"Ndiye muno mumatani tsiku lonse?"

"Kukulondererani. Tawina ali ndi mwana wakhanda, inu muli ku ndege. Ndikanasiya adzukulu anga agone ndi njala?"

"Bwanji osandiuza?"

"Kukuuzani kuti munda wanu ndi wanu? Ndikanakunyozani."

Mwambo ndi mwambo, koma mimba ndi mimba. Potiphar anatembenuka thupi lonse. A Enifa anati "Mayo!" n'kudziphimba kumaso ndi nsalu. Zimene anaona mwamuna uja ndi izi: mapesi ali lambalamba, makoko ali mbwee, ndipo wa chipsera uja atakhala pakati pa munda ngati mwini malo, zitsononkho m'manja monse, china m'khwapa.

"Choka! Choka iwe! Amayi, chitini!"

"Ndachikhalira."

"Dzukani!"

"Ndidzuke mukundiyang'ana? Fulatirani kaye."

Anafulatira. "Ndafulatira! Imbani!"

"Munati ndisiye."

"Ndasintha!"

"Mwamuna akanena wanena. Munatero nokha, ndipo ine ndinakulemekezani."

"Masulani galu ndiye!"

"Akaluma mzungu? Ntchito yanu ija?"

Potiphar anatola mwala. Anayang'ana kuthanthwe: alendo akumukupizira manja, nkhope zili ngwee, wamwamunayo akumuonetsa chala chachikulu. Anayang'ana kumunda: chakudya cha ana ake cha chaka chonse chikukwera phiri m'makhwapa mwa anyani. Dzanja linakhala m'mwamba ngati lauma. Akaponya, makiyi apita. Akapanda kuponya, nkhokwe igona yopanda kanthu. Misozi inalengeza, ndipo sanathe kuibisa.

"Amayi," anatero, "ndipangeni chifundo. Kamodzi kokha. Ngwe mmodzi."

A Enifa anasuzumira pansi pa nsalu, nakhazikika bwino pachitini.

"Tsitsani mawu, bambo a Vitu. Munthu sadzidzimutsa alendo ake ali pakudya."