Mipando Yoyera ya Ogasiti 2011

Malemu bambo Nedson Namaona anabadwa pa 9 Juni 1961 kwa Mthiramanja m'boma la Mulanje. Sukulu anayambira konko, ndipo analekezera Fomu 2 mu 1979. Mu 1981 anafika kuno ku Bangwe, nakhala chipinda chimodzi ndi bambo Januario Semba a ku Nsanje, amene tili nawo pano pa njinga yawo ya olumala. Mu 1986 anamanga banja ndi mayi Eliness, mboni ya ukwatiwo ali a Januario omwewo.

Mu 1988 analembedwa ntchito pafakitale ina ya mapulasitiki ku Chirimba, pamakina oumba mipando. Anali munthu wosayankhulayankhula, koma nkhani ikakhala ya pulasitiki ankaiwala ndi tiyi yemwe. Ankatiuza kuti m'kati mwa pulasitiki muli timaulusi titalititali tosaoneka ndi maso. Tikasungunuka timapiringizana ngati nyongolotsi m'chitini, kalikonse kufuna kutuluka koma kotsekerezedwa ndi anzake, ndipo mphamvu ya mpando ndi kupiringizanako. Ya majumbo, ankati, timaulusi take tili ndi nthambi ngati minga, n'chifukwa chake imatamuka osang'ambika msanga. Koma ya mipando ukaisungunula kawiri katatu, timaulusi timaduka, timafupika, timaleka kugwirana. Iwo ankayesa ndi kamtengo pakamwa pa makina. Yabwino inkananda ngati therere. Yotopa inkangodontha ngati phala la mwana.

Anamfedwa ndi nonse mwabwera, ambiri mwadabwa kuti m'mawa uno tabweza galimoto ya mipando imene a mphakati wa kutchalitchi kwathu anatumiza, mpaka akuluakulu kukhala pamabenchi ndi pamphasa. Sichipongwe ayi. Malemu anatilamula tero, ndipo anatilamulanso kuti zotsatirazi ziwerengedwe a Januario akumva.

Mu Ogasiti 2011 pulasitiki yatsopano inasowa pafakitalepo. Akuluakulu analamula kuti agaye mipando yakale ndi zinyenyeswa zosungunulidwa kale. Malemu anapisa kamtengo kawo, pulasitiki inadontha. Anadziwa. Koma inkayenda mwachangu m'chikombole, mipando n'kumatuluka yonyezimira, mabwana akusekerera. Anaopa kuchotsedwa ntchito, nakhala chete. Sabata imeneyo inatuluka mipando yoyera mazana anayi, uliwonse uli ndi chidindo cha mwezi ndi chaka kunsi kwake.

Pa 14 Epulo 2012 panali chinkhoswe cha mwana wawo Lilian pakhomo pompano. Mipando inali yobwereka. A Januario anakhala pakhonde paja, mwendo wa mpando unathyoka, iwo anagwa chagada mpaka pansi pa masitepe, msana n'kuwonongeka. Anthu ali yakaliyakali kuwanyamula, malemu anatembenuza mpandowo naona chidindo. Kenako anakautentha kuseri kwa bafa.

Mwezi wotsatira anasiya ntchito, nayamba kuwotcherera zitsulo pamsika. Kwa zaka khumi ndi zitatu anawakankha a Januario kupita kutchalitchi Lamulungu lililonse, mvula kapena dzuwa. Inu munkawayamikira, iwo ankangoyang'ana pansi. Munkawaonanso pamaukwati ndi pamaliro, ku Ndirande, ku Machinjiri, ku Zingwangwa, akutembenuza mipando anthu asanakhale. Achinyamata anawapatsa dzina loti a Inspekita. Ena ankati mutu wayamba kuwazungulira. Akaupeza wa chidindo chija ankaugula n'kuuphwanya ndi hamala. Mayi Eliness akuti ngakhale nkhuni ikathetheka pamoto, malemu ankadzidzimuka n'kugwira khoma.

Anayamba kudandaula chifuwa mu Febuluwale chaka chino. Pa 2 Meyi anagonekedwa kuchipatala cha Gulupu. A Januario anapita kukawazonda kawiri, ndipo kawiri konse malemu anatsegula pakamwa, n'kungofunsa za mvula. Anatisiya Lachiwiri pa 13 Meyi 2025 masana, ali ndi zaka 63.

Mawu amene anatiuza kuti tilembe ndi awa: “Achimwene, mpando uja ndinaumba ndine, ndipo ndinkadziwa. Ndinkakukankhani ndili kumbuyo kwanu chifukwa nkhope yanu sindikanatha kuiyang'ana.” A Januario, ife a banja sitikukakamizani kuyankha lero kapena mawa. Kungoti mwamva. Maziko, mwana wamwamuna wa malemu, wati Lamulungu adzaima pachipata panu kuti akukankheni kupita kutchalitchi, ndipo mukapanda kumuitana adzabwerera.

Malemu asiya mayi Eliness, ana atatu, Tadala, Lilian ndi Maziko, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza a mphakati, amayi amene agona pano masiku awiri, anamwino, adzukulu okumba manda, ndi nonse mwapirira kukhala pansi.

Mwa mipando mazana anayi ija anapeza 163. Yotsalayo ikadali m'Blantyre momuno, ndipo anthu akukhalirabe.

Mtendere umene unawasowa kuno, Ambuye akawapatse kumeneko. Mzimu wa bambo Nedson Namaona uuse mumtendere.