Mapesi M'khoma la Damu la Kalonje

Olemekezeka a Gogo Chalo, eni nthaka yomwe tapondayi. Olemekezeka mafumu onse a mbali ino ya Nsaru. Olemekezeka oimira boma amene mwachokera ku Lilongwe. Olemekezeka a khansala athu. Olemekezeka Bambo Chikuse, mkulu wa bungwe lomwe labweretsa ntchitoyi. Abusa ndi akulu a mpingo. A komiti ya damu. Ndi inu amayi ndi abambo amene munasenza dothi lonseli pamutu mpaka tsitsi kuthothoka pa liwombo: ndakupatsani moni nonse, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndiyankhule.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndine Edina Kachiwanda, mphunzitsi wopuma. Ambiri mwa anthu akhala apawa ndinawaphunzitsa kugwira pensulo, ena ndinawakoka makutu, ndipo ndikuona a Nicholas, kapitawo wa ntchito ino, agwira kale khutu lawo. A komiti atabwera kudzandipempha kuti ndikhale mlendo wolemekezeka, ndinawafunsa ngati anthu a magalimoto atha onse m'dziko muno. Anandiyankha kuti akufuna munthu wakwawo. Ndinavomera mokondwa, chitenje ndinagula chatsopano. Koma ndinene zoona, ndaima pano mtima uli m'mwamba.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa zothokoza zilipo. Tonse tikukumbukira kuti chaka chatha mvula inadula chimanga chikumasula, fodya sanagulidwe bwino, ndipo ganyu anasowa ngakhale kwa amene anapalasa njinga mpaka ku Namitete. M'nyengo yotere bungwe la Bambo Chikuse linabwera ndi chithandizo cha mwezi ndi mwezi, ndipo makomo omwe utsi unali utasiya kufuka anayambanso kufuka. Chithandizocho chinabwera ndi lamulo lake: wolandira agwire ntchito pa damu, ndipo wosagwira, kapena wolephera kumaliza ndime yake, achotsedwe, malo ake alowe wina. Ine sindidana ndi kugwira ntchito, ndipo anthu a kuno sanayambe aopapo khasu. Taonani khomali m'mene latalikira, taonani kapinga m'mene wabzalidwira bwino, ganizirani za madimba a tomato ndi anyezi omwe adzamere m'munsimu ndi ng'ombe zomwe zidzaleke ulendo wautali wofuna madzi. Bambo Chikuse, zikomo. Amayi ndi abambo, zikomo, mwagwira ntchito.

Ndili mtsikana, nditangoyamba uphunzitsi cha ku Kabudula, pafupi ndi sukulu yathu panali damu laling'ono kuposa ili. M'mawa wina, mvula itagwa kwambiri, tili pa mzere ndi ana, tinamva mkokomo ngati lole ikukwera chitunda. Tinayang'ana kumsewu, kunalibe galimoto. Linali khoma la damu litang'ambika. Madzi anasesa madimba, anatenga makola a nkhumba, anagwetsa nyumba za m'munsi. Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anali atatumidwa kudimba kukathyola ndiwo asanabwere kusukulu. Tinamupeza mawa lake m'bango. Chiyambire tsiku limenelo, ndikaona damu sindiyamba kuyang'ana madzi, ndimayamba kuyang'ana nyumba zomwe zili kunsi kwake.

Tsono tembenukani, muyang'ane kunsi kwa damu lathuli. Nyumba mukuzionazo muli anthu.

Lamulungu lapitali, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina wa m'gulu la ogwira ntchito ananditsatira mpaka kunyumba. Dzina lawo sinditchula, ndinawalonjeza. Anakhala pakhonde, anakamba za chitopa chomwe chatha nkhuku, anakamba za mtengo wa feteleza, mpaka ndinawauza kuti mayi, simunayende mtunda wonsewu chifukwa cha nkhuku. Apo ndi pomwe anamasuka.

Anati gulu lawo linali la amayi okalamba, mayi wina woyembekezera ndi bambo wina wachifuwa, koma ndime yawo inali yofanana ndi ya anyamata. Tsiku lililonse dothi linayenera kufika pa chizindikiro cha pa chikhomo dzuwa lisanafike pamutu. Atalephera koyamba anachenjezedwa kuti kunja kuli anthu ambiri ofuna malowo, ndipo zinali zoona, anthuwo ankawaona okha ataima m'mbali mwa ntchito. Ndiye kapitawo akapita kukayang'ana mbali ina, iwo ankathamangira m'munda wapafupi, kutola mapesi, zitsa ndi nthambi, kuziyala m'khoma, n'kukwirira ndi dothi pamwamba. Khoma linkafika pa chizindikiro, tsiku linkawerengedwa, ana ankadya. Sanachite kamodzi, anachita masiku ambiri. Ndipo mayi amenewa nyumba yawo ndi imodzi mwa zoyamba kunsi kwa khomali, m'mene akulera zidzukulu.

Mawu awo ndiwanena m'mene anandiuzira. Anati, "Aphunzitsi, mtambo ukangoda ndimatulutsa ana m'nyumba, kuwakhazika pachulu. Ndikaulula andichotsa, tigona ndi njala. Ndikakhala chete, khoma lomwe ndamanga ndi manja angawa litigwera. Ndichite chiyani?"

Chiyambire Lamulungu mtima wanga sunakhale pansi.

Ndikumva kung'ung'udza kumbuyo uko. A Nicholas, khalani pansi, mwana wanga, sindinati ndinu olakwa. Inunso munapatsidwa chikhomo, munapatsidwa tsiku lomalizira, ndipo nanunso pakhomo panu pali poto woyenera kutereka. Ndipo inu amene mukuyang'anitsitsa amayi okalambawo, bwezani maso anu. Amene simunayambe mwasenzapo ndowa ya dothi m'mimba mulibe kanthu, musafulumire kuweruza. Sindinabwere kudzazenga mlandu, ndabwera chifukwa ndikuchita mantha.

Zomwe ndikuopa nonse mukuzidziwa, chifukwa nonse ndinu alimi. Mapesi akakwiririka sakhala mapesi mpaka kale. Chiswe chimadya, chinyontho chimawoletsa, m'kati mumatsala mphako, ndipo madzi akadzadza damu adzaipeza mphakoyo ife tisanaipeze. Dzulo ndinayenda pakhomali kuchokera uko mpaka uko ndi ndodo yangayi, ndikugogoda, ndikuponda. Paliponse pakuoneka chimodzimodzi, kapinga waphimba zonse. Amene akudziwa pomwe pali mapesi ndi okhawo amene anawakwirira, ndipo iwowo ndi amene atsekedwa pakamwa ndi mantha a kuchotsedwa. Chizimalupsa chagwa kale. Mitambo mukuiona kuzambweyo sikubwera kudzaonerera magule athu.

Choncho Bambo Chikuse, pamaso pa a Gogo Chalo, pamaso pa mafumu, pamaso pa oimira boma ndi pamaso pa abusa, ndikupempha ndi ulemu wonse. Ndikupempha munene kuti aliyense amene aloze pomwe anakwirira mapesi sachotsedwa pa chithandizo, iye kapena gulu lake. Ndikupemphanso kuti malo amenewo akumbidwe n'kumangidwanso ndi dothi lotsenderedwa bwino mvula isanakhazikike, ndi kuti ndime ziziperekedwa molingana ndi mphamvu za munthu, chifukwa gogo wa zidzukulu ndi mnyamata wosewera mpira sangasenze ndowa zofanana.

Mukugwedeza mutu movomera, Bambo Chikuse, ndaona, koma akumbuyo sanaone. Mukuti mukafunse kaye ku likulu? Ndikumvetsa, nanenso ndagwirapo ntchito pansi pa mabwana. Koma yankho la ku likulu likamadzafika kuno, mwina tidzakhala tikulilandira titaima m'matope. Ngati akakukalipirani, mukawauze kuti kunali nkhalamba ina yovuta yomwe inakana kudula riboni, ndipo mukatero simukanama. Chimkuzamawu ndi ichi, tengani.

Mwamva nonse? Akumbuyo mwamva? Anena kuti palibe achotsedwe, ndipo ntchito yokonzanso iwerengedwa ngati ntchito. A Gogo Chalo amva, abusa amva. Zikomo, Bambo Chikuse. Mwasenza katundu wolemera, ndipo tidzakuikirani umboni kulikonse.

Tsopano ndikutembenukira kwa inu, amayi ndi abambo a pa ntchito. Sinditchula munthu. Ndikungopempha kuti amene akudziwa malo pomwe pali mapesi anyamuke, akwere pakhoma, akaime pamalopo.

Palibe?

Ndidikira. Ndinazolowera kudikira yankho m'kalasi. A ng'oma, musayambe, tadikirani. Musayang'anane, aliyense ayang'ane nyumba zili kunsizo.

Mwaimirira, a Esnart? Sindinakutchuleni ine, mwaima nokha. Yendani, mayi, yendani bwinobwino, palibe akugwireni. Apatseni njira. A Marita nawonso anyamuka, ndi a Nelia ndi mwana kumsana. Bambo inu, musathamange, chifuwa chingakutsamwitseni. Kwerani nonse.

Kodi enanu mukupita kuti? Inu si a gulu la a Esnart, eti? Ndi anyamata omwe?

Olemekezeka, ine ndimayesa ndi malo amodzi. Ndimayesa ndi gulu limodzi la okalamba. Taonani m'mene aimira, wina apa, wina apo, wina pakati penipeni pomwe madzi adzazame kwambiri, ena mpaka kumapeto uko. Mantha aja sanali a mayi mmodzi, ndipo aliyense ankayesa kuti ndi iye yekha. Tikanadula riboni, kuvina, kudya n'kubalalika, sindikufuna kunena zomwe tikanadzasonkhanira pano ulendo wotsatira.

Musatsike, imani pomwepo. A Nicholas, tengani zikhomo zanu zija, mukhome pa mapazi a aliyense, ndipo pomaliza muwagwire chanza. A komiti, ngalande yotayira madzi ikhale yotsekula mpaka chikhomo chomaliza chitazulidwa. Mafumu, mabanja a kunsiwo apezeredwe pogona kumtunda mvula ikayamba tisanamalize. Magule atidikira, makasu atuluke lero lomwe, ndipo ine ndowa sindingathe, koma madzi akumwa nditunga.

Ndi mphamvu zomwe mwandipatsa, ndi mtima womwe sunatsike koma wayamba kupuma, ndikulengeza kuti damu la Kalonje latsegulidwa, ndipo ntchito yolimanganso yayamba. A Esnart, mtambo ukada madzulo ano, bwerani ndi zidzukulu kwathu, mphasa zilipo.

Zikomo kwambiri.